Zinthu 6 zodabwitsa za mmene amayezera umphawi m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota

Akalembera akamaliza kufunsa mafunso ku Chia, Linga kapena Dwangwa, mayankho ambirimbiri amakawaphatikiza n'kutuluka nambala imodzi yonena ngati banja ndi losauka kapena ayi. Kawerengedwe kake kali ndi zodabwitsa izi.

1. Ndalama safunsa. Kafukufuku wa DHS, amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imachita, amayeza chuma poona denga, pansi pa nyumba ngati ndi pozira kapena pasimenti, chimbudzi, wailesi ndi njinga. Njirayi inatchuka mu 2001 ndi Deon Filmer ndi Lant Pritchett. Kunyanja imathandiza, chifukwa ndalama za msodzi zimayendera mdima wa mwezi ndi mphepo ya mwera, pomwe malata sasintha sabata ndi sabata.

2. Bwato ndi chilimila siziwerengedwa. Muyezo wa MPI wa padziko lonse, womwe yunivesite ya Oxford ndi UNDP anayambitsa mu 2010, umayang'ana wailesi, TV, foni, kompyuta, ngolo, njinga yakapalasa, yamoto, firiji ndi galimoto. Mwini zilimila ziwiri wolemba alovi ntchito, akakhala ndi foni yokha, amalembedwa kuti alibe katundu.

3. Wokhala pagombe amatha kulembedwa kuti alibe madzi. Pa muyezo wa MPI, madzi otunga m'nyanja saikidwa m'gulu la madzi abwino. Ngakhale mjigo, ngati kupita ndi kubwera kumatenga mphindi 30 kapena kuposa, banjalo limaonedwabe ngati losowa madzi.

4. Mavuto salemera mofanana. MPI ili ndi zizindikiro 10. Mwana mmodzi akasiya sukulu n'kumakakoka makoka, vutolo limalemera 1/6, pomwe kuphikira nkhuni, kusowa magetsi kapena chimbudzi chabwino, lililonse ndi 1/18. Ndiye kuti mwana mmodziyo akufanana ndi mavuto atatu apakhomo. Zikakwana 1/3, banjalo ndi losauka.

5. Usipa umakweza mapointi kuposa nsima. Bungwe la WFP limawerenga zakudya za masiku 7. Nsomba ndi nyama amazipatsa 4 patsiku, nyemba 3, nsima 2, masamba 1. Banja lodya kondowole ndi usipa tsiku lililonse limapeza 42, kuposa 35 pomwe pamayambira kadyedwe kovomerezeka. Lakumtunda lodya nsima ya chimanga ndi masamba basi limapeza 21, yomwe ndi kadyedwe koperewera. Koma muyezowu suona kukula kwa mtanda: wodya kamodzi patsiku ndi wodya katatu akhoza kufanana.

6. Kafukufuku mmodzi anabala mayankho awiri. Kuchokera pa kafukufuku wa mabanja wa 2016/17, kuwerengera zimene anthu amadya ndi kugula kunaonetsa kuti Amalawi 51.5 pa 100 alionse ndi osauka. Muyezo wa MPI wa dziko lino, womwe unatuluka mu 2021, unapeza 61.7. Palibe amene ananama: mafunso amene anasankhidwa ndiwo anasiyana.

Nambala zoterezi ndi zimene boma ndi mabungwe amayang'ana pogawa thandizo. Choncho inu a komiti ya chitukuko m'mudzi kapena ya pagombe, akakuwerengerani lipoti, funsani kuti anaphatikizamo chiyani, chinasiyidwa n'chiyani, ndipo anasankha kulemera kwa chilichonse ndani.