Chaka chomwe Leicester City idatenga chikho mpira uli kumapazi a adani

Akuluakulu a Leicester City atalemba ntchito Claudio Ranieri mu July 2015, ambiri ku England adangopukusa mitu. Mkuluyu anali atachotsedwa ntchito ku timu ya dziko la Greece itagonja pakhomo kwa Faroe Islands. Nayo Leicester inali itangopulumuka nkhwangwa: idakhala pansi penipeni pa ligi miyezi yambiri, kenako n'kupambana masewero 7 mwa 9 omaliza. Makampani a njuga adati woika paundi imodzi kuti timuyi itenga Premier League adzalandira mapaundi 5,000.

Lero anthu amati chidali chozizwitsa. Mawuwa amabisa thukuta. Ranieri sadafune kuti anyamata ake azinyadira mpira pamapazi. Ankausiyira adani, iwo n'kukhala pambuyo mothithikana, kudikira kuti wina alakwitse. Wolanda mpirawo nthawi zambiri anali N'Golo Kanté, kamnyamata kakafupi komwe adakagula ku Caen pamtengo wa mapaundi 5.6 miliyoni. Akangoulanda, Danny Drinkwater ankauponya patali kumbuyo kwa otchinga, ndipo Jamie Vardy amakhala atanyamuka kale. Aliyense ankaidziwa njirayi, koma kuitseka kunkakanika.

Vardy yemweyu zaka zingapo m'mbuyomo ankagwira ntchito m'fakitale, mpira n'kumasewera ku Stocksbridge Park Steels, timu ya m'ligi zapansi. Pa 28 November 2015 adachinya Manchester United n'kukhala woyamba kugoletsa m'masewero 11 otsatizana a Premier League, kuposa Ruud van Nistelrooy. Adamaliza ndi zigoli 24. Riyad Mahrez wa ku Algeria, yemwe adachokera ku Le Havre pamtengo wa nkhuku, adamwetsa 17, ndipo osewera anzake m'ligi adamusankha kukhala katswiri wa chaka, woyamba wa ku Africa kulandira ulemuwu.

Poyamba kumbuyo kunkadontha. Ranieri adalonjeza anyamata ake pizza tsiku lomwe adzatuluke m'bwalo osagoletsedwa, ndipo adaidya mu October atagonjetsa Crystal Palace 1-0. Pofika March, Wes Morgan, Robert Huth ndi goloboyi Kasper Schmeichel anali atasanduka khoma: Watford, Newcastle, Palace ndi Southampton onse adagwa ndi chigoli chimodzi kwa duu, motsatizana. Sadali masewero okoma kuonera, komatu chikho chidapezeka pamenepo. Zidawathandizanso kuti analibe mipikisano ya ku Ulaya yowatopetsa pakati pa sabata, choncho mphunzitsi sankasinthasintha osewera 11 oyamba.

Pa 2 May 2016 osewerawo adasonkhana kunyumba kwa Vardy kuonera pa kanema Chelsea ndi Tottenham, timu yomwe inkawathamangitsa pa ligi. Tottenham idatsogola 2-0, Chelsea idabweza zonse, chachiwiri cha Eden Hazard, ndipo chikho chidakhala cha Leicester pomwepo. Leicester idamaliza ndi mapointi 81, kuposa Arsenal ndi 10, itagonja katatu kokha: kawiri kwa Arsenal, kamodzi kwa Liverpool.

Mu July chaka chomwecho Chelsea idagula Kanté, ndipo ligi yotsatira idatenga ndi Chelsea. Leicester, ili ndi Vardy ndi Mahrez omwewo, idayambanso kulimbana ndi nkhwangwa, mpaka mu February 2017 Ranieri adamuchotsa ntchito.