Kakolo wothyoka amafuna nthawi yake yonse

Aliyense amene wayendapo mumsewu wa Balaka kupita ku Liwonde, kapena kuchoka pa Liwonde kulowera ku Nsanama ndi ku Ntaja, amadziwa kuti kuno anthu amadyera phazi. Wakabaza amapalasa kuyambira mbandakucha, mayi amatsetsereka ndi mtolo wa nkhuni m'mapiri a Chikala, mlimi wa mpunga amaponda matope m'madambo a nyanja ya Chilwa, ndipo anyamata amathamangitsa chikopa pamabwalo a mabampu okhaokha. Phazi likapindika molakwika thupi lonse litatsamira pomwepo, malo amene amathyoka kawirikawiri ndi pakakolo. Kuthyoka kotere sikupha munthu, n'chifukwa chake ambiri amakupeputsa. Komabe tsiku la msika pa Ulongwe kapena pa Phalula simulephera kuona bambo kapena mayi wa msinkhu wogwira ntchito akutsimphina, phazi litapotokera kunja. Ine ndimakhulupirira kuti ambiri otere akanayenda bwinobwino fupa likanapatsidwa nthawi yake. Nthawiyo imabedwa koyambirira pochedwa kupita kuchipatala, imabedwanso pakati pochotsa chikhakha msanga, ndipo kumapeto imangotayika chifukwa wodwala amayesa kuti chikhakha chikachoka ndiye kuti wachira.

Tione kaye mmene kakolo alili. Kuchokera pabondo kumatsika mafupa awiri, lalikulu la msongolo ndi lina lowonda chakunja. Nsonga zake ndi timfundo tiwiri tija timaonekera mbali zonse za kakolo, ndipo pakati pake pamakhala kafupa ka phazi kamene kamasenza thupi lonse, katapanidwa ngati tayala la njinga pakati pa foloko. Foloko ikapindika pang'ono njinga imayendabe, koma tayala limakhula mbali imodzi mpaka kuperepeseka. Mu 1976 akatswiri awiri a mafupa, Ramsey ndi Hamilton, anayeza zimenezi n'kupeza kuti kafupako kakasuntha ndi milimita imodzi yokha, malo amene mafupa amakhudzana amachepa ndi 42 pa 100 alionse. Kulemera konse kwa munthu kumagwera pamalo aang'ono, mnofu woterera umene umakuta nsonga za mafupa umatha, ndipo pakapita zaka pamabuka nyamakazi yosamva mankhwala. Milimita imodzi siioneka ndi maso, ndipo ngakhale dzanja laluso silingaimve pamwendo wotupa. Imaoneka mwendo ukajambulidwa basi.

Apa m'pamene kuchedwa kumawonongera zinthu. Munthu akagwa, a pabanja amati wangobinya, amatereka madzi n'kuyamba kumuthowa, ena amakoka phazi kuti libwerere m'malo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2019, wochitika m'zipatala zinayi za m'dziko muno kuphatikizapo cha Mangochi, anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse othyoka fupa anafika kuchipatala patatha masiku awiri kapena kuposerapo. Chonsecho pali njira yosavuta yodziwira ngati mwendo ufunika kujambulidwa, imene madokotala a ku Ottawa, m'dziko la Canada, anaifalitsa mu 1992. Ngati wovulala sangathe kuponda mapazi anayi, kapena akumva ululu mukasindikiza chala kumbuyo kapena kunsonga kwa kamfundo ka fupa kaja, apite akajambulidwe. Kutha kuyenda motsimphina si umboni woti fupa lili bwino, pakuti ambiri othyoka fupa lowonda lija amayendabe. Phazi likapotoka moonekeratu, kapena pakakhala bala pamalo othyokawo, si nkhani yodikira kuti kuche. Majeremusi akalowa m'fupa amavuta kuwachotsa, ndipo mankhwala owapha amagwira bwino akaperekedwa m'maola oyambirira.

Wina anena kuti agogo ake anathyoka kakolo, anapita kwa sing'anga, ndipo anachira n'kumalima mpaka ukalamba. Sindikutsutsa, nkhani zoterezi n'zoona. Nthawi zambiri chimathyoka ndi nsonga ya fupa lakunja lokha popanda kusuntha, ndipo fupa lotero limapola munthu akangoupumitsa mwendo, kaya wamangidwa ndi nsungwi kaya ndi chikhakha. Vuto ndi loti sing'anga, ngakhale wodziwika bwanji, alibe chomuonetsa kuti uku ndi kuthyoka kopepuka, uku ndi kwa mbali ziwiri kumene kwasunthitsa kafupa kapakati. Onse amawathandiza mofanana. Amene achira amafalitsa mbiri yake, amene alemala amati linali tsoka kapena mdulo wa anthu. Kuwonjezera apo, mphini zotemedwa pakhungu lotupa zimatsegula khomo la matenda, ndipo dokotala sangachite opaleshoni pamalo pamene pali mafinya.

Winanso anena kuti kuchipatala kwathu amangomanga chikhakha basi, ndiye kuwonongeranji ndalama ya ulendo kuchoka ku Nayuchi kapena ku Utale? Funsoli n'lomveka. Zipatala zazing'ono zambiri za kumidzi zilibe makina ojambulira, ndipo wodwala amayenera kufika pachipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde, kapena cha Balaka. Koma amene amakumana naye kumeneko si munthu wamba. Kuyambira 1985, pamene dokotala wa ku Canada, Ed Blair, anayambitsa maphunziro a miyezi 18 a ma kiliniko ofisa oona za mafupa, anthu amenewa ndiwo akhala akuthandiza ambiri mwa othyoka mafupa m'Malawi, poti madokotala ochita opaleshoni ya mafupa ndi owerengeka. Ntchito yawo imayamba chikhakha chisanamangidwe: amaona chithunzi, amabwezera fupa m'malo mwake, ndipo amaweruza ngati lingakhazikike lokha kapena lifunika zitsulo ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kawirikawiri amayamba ndi chikhakha cha theka, chosazungulira mwendo wonse, kuti kutupa kupeze malo. Tsiku lobwereranso limene amalemba m'kabuku ka kuchipatala n'lofunika kwambiri, chifukwa kutupa kukaphwa chikhakha chimakhwepa ndipo fupa likhoza kusunthanso. M'masabata awiri oyamba n'zotheka kulikonza. Likayamba kulumikizana mokhota, kukonza kwake ndi opaleshoni yaikulu imene ambiri saipeza.

Fupa la munthu wamkulu limatenga pafupifupi masabata 6 kuti ligwirane, ndipo kwa odwala shuga ndi osuta fodya limachedwa kuposa apo. Ululu umachepa kale sabata yachiwiri kapena yachitatu, ndipo apa m'pamene ambiri amanyengeka. Mvula yagwa, udzu wakula m'munda wa thonje, mwini njinga yamoto akufuna ndalama yake ya tsiku. Munthu amaviika chikhakha m'beseni, amachicheka ndi mpeni, n'kunyamula khasu. Sindingamunyoze munthu ameneyu, chifukwa njala sidikira fupa. Koma tiwerengere bwino. Kusiya ntchito miyezi iwiri kumapweteka banja chaka chimodzi, pamene kakolo wopola mokhota amachepetsa mphamvu ya mlimi kapena wakabaza zaka zonse zotsala. Choncho udindowu usasiyidwe kwa wodwala yekha. Abale, mpingo, mzikiti ndi banki m'khonde, amene amathamanga pakagwa maliro, angathenso kupalira munda wa munthu amene ali m'chikhakha. N'zoona kuti masiku ano madokotala amalola odwala ena kuponda msanga, makamaka amene fupa lawo silinasunthe kapena lamangidwa ndi zitsulo, koma woweruza ndi amene waona chithunzi.

M'masabata amenewa chisamaliro chake n'chapafupi. Wodwala agone chagada, phazi litasanjikidwa pamitsamiro kapena pathumba kuti likwere kuposa chifuwa, azigwedeza zala za kuphazi ndi kupinda bondo kangapo patsiku. Chikhakha chisanyowe, ndipo chikayamba kuyabwa asalowetsemo kamtengo, chifukwa kachilonda kobisika mkatimo kamaola osaoneka. Matemba, usipa, nandolo, mazira ndi masamba zimathandiza fupa kumanga. Zala zikachita dzanzi, zikazizira kapena kusintha mtundu, ululu ukamakulirakulira osamva mankhwala, kapena chikhakha chikayamba kununkha, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso katumba akatupa n'kumapweteka, kapena munthu akayamba kubanika mwadzidzidzi, chifukwa magazi amatha kuundana m'mitsempha ya mwendo wosayenda.

Gawo limene timalinyalanyaza kwambiri ndi la pambuyo pake. Chikhakha chikachotsedwa, mwendo umatuluka wowonda, khungu likufunduka, katumba atafota, ndipo phazi limakana kupindika. Ambiri amachita mantha n'kuyamba kuliteteza posaliponda, mapeto ake limauma. Chofunika ndi mafizo, ndipo popeza akatswiri ake ndi ochepa, poti maphunziro a digiri yake anangoyamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, ntchito yambiri imagwiridwa pakhonde pakhomo. Khalani pamphasa mutatambasula mwendo, kolekani chitenje kunsi kwa zala, kokerani phazi kwa inu mpaka mumve katumba akukokeka, gwirani pang'ono, masulani, bwerezani. Zungulizani phazi uku ndi uku. A chipatala akalola kuponda, imirirani mutagwira khoma, nyang'amani pa zala za mapazi onse awiri, kenako yesani kuima ndi mwendo wovulalawo wokha. Kuima ndi mwendo umodzi kumaphunzitsanso phazi kumva nthaka, ndipo n'kumene kumateteza munthu kuti asapindikenso pamzere kapena pamwala.

Moyo wa kuno umafuna kakolo wofewa kuposa wa munthu wa mu ofesi. Kunjuta pachimbudzi kapena pamoto kumafuna kuti bondo lipite kutsogolo chidendene chili pansi. Msilamu pa swala amakhalira phazi litapindika. Woyendetsa njinga yamoto amaponda buleki ndi phazi lamanja, n'kusintha magiya ndi lamanzere, ndipo sayenera kunyamula munthu mpaka phazilo litayamba kumvera msanga popanda ululu. Izi zimabwerera pang'onopang'ono, kawirikawiri m'miyezi itatu kapena inayi, ndipo kutupa kwa madzulo kumatha kupitirira mpaka chaka popanda choopsa. Koma ngati patatha miyezi itatu munthu sakuthabe kuponda, kapena akuona phazi likupendekera mbali, atenge kabuku kake ndi zithunzi zakale abwerere kwa kiliniko ofisa wa mafupa kuti akamujambulenso.