Masamu akukuvutani? Musanalipile ma tuition, welengani apa

Yendani mu Chawama, Kanyama, Matero olo Mtendere, mudzaona mapepala omatidwa pa zipupa na pa mapolo ya malaiti, onse akulonjeza ma extra lessons a masamu. Bizinesi iyi yakula maningi. Kuchokela mu 2022 pamene boma linabweletsa maphunzilo aulele, ana ambili abwelela kusukulu, ndipo makalasi adzaza. Ba teacher mmodzi sangakwanitse kuima pa desiki ya mwana aliyense amene wasokela pa algebra.

Manje imwe mudziwa kale chifukwa chake masamu ni nkhani ikulu. Pa mayeso a ECZ a Grade 12, 1 na 2 ni distinction, 3 na 4 ni merit, 5 na 6 ni credit. Makosi ambili, monga nursing olo engineering, amafuna credit mu masamu. Mungakhoze bwino vina vonse, koma ka 7 olo ka 9 pa maths kangakutsekeleni chitseko. Ndiye chifukwa ena ali kale pa nchito koma madzulo amathamangila ku tuition kukonzekela GCE.

Ndalama ni yovuta kupeza, ndiye musapeleke chabe kwa aliyense amene ali na bolodi na choko. Choyamba, funsani kuti muli angati mu kalasi. Ngati mwathawa kalasi yodzaza kusukulu n'kupita ku galaji kumene muli anthu 40, mwangosintha malo chabe. Gulu laling'ono ndiye labwino, kumene mungafunse funso popanda manyazi.

Chachiwili, onani mmene ayambila. Mphunzitsi wabwino amayamba na kukupatsani ka test kuti adziwe pamene mwafooka. Ambili amene amalila na trigonometry olo calculus, vuto lawo lenileni lili kumbuyo, pa ma fraction, ma negative number na kusintha subject ya formula. Nyumba siimangidwa kuyambila pa malata. Amene akuthamangitsani kuti mumalize silabasi pamene maziko alibe, akudyelani ndalama.

Chachitatu, afunika kudziwa mapepala onse awili. Paper 1 mulemba popanda calculator, ndiye mutu na dzanja vifunika kuzolowela. Paper 2 calculator iloledwa, koma ma marks ambili ali pa working, osati pa yankho yothela chabe. Earth geometry, linear programming, matrices, vectors na statistics vimabwela kawilikawili. Mufunseni ngati amaseŵenzetsa ma past paper a ECZ, ndiponso ngati amachonga nchito yanu na kukuonetsani pamene mwalakwa. Kungokopela vamene walemba pa bolodi si kuphunzila. Masamu amalowa ngati cholembela chili m'manja mwanu.

Chenjelani na uja amene akunong'onezani kuti ali na leakage. Mu 2018 boma linaimitsa mayeso dziko lonse kwa kanthawi chifukwa mapepala anatuluka nthawi isanakwane, ndipo ana osalakwa anavutika nawo. ECZ ikakugwilani ingafafanize ma results anu, ndipo nkhani ingafike na ku polisi. Mapepala ambili ogulitsidwa pa WhatsApp ni abodza, ndalama ipita, nthawi yowelenga nayo ipita.

Makolo na imwe ba sisi na ba brother amene mulipilila ang'ono anu, pitani mukaone malo na maso anu. Funsani ngati ba teacher analembetsa ku Teaching Council of Zambia, olo ngati ni student wa pa UNZA, aonetse ma results ake. Mwana wamkazi asamaphunzile yekha m'chipinda chotseka na munthu amene simumudziwa, ndipo asamabwele usiku. Lipilani pa mwezi pa mwezi, osati term yonse kamodzi, ndipo pakapita mwezi onani buku lake ngati muli zochonga.

Ngati ya tuition palibe, musataye mtima. Pezani anzanu atatu olo anayi, gawanani ma topic, aliyense aphunzitse anzake umodzi. Mafunso asanu tsiku lililonse apambana kukhala usiku wonse pamene mayeso atsala sabata imodzi. Chamene chakukanikani monse, lembani pa pepala mukafunse ba teacher pa Monday kusukulu, kumene simulipila olo ngwee imodzi.