Asanakwere phiri, ankayamba atembenuza gudumu

Mpaka m'chaka cha 1936, katswiri wa mpikisano wa Tour de France akafika m'tsinde mwa phiri ankayamba watsika panjinga. Ankamasula manati a gudumu lakumbuyo, n'kulizula, kulitembenuza, kukoleka tcheni mbali inayo, kumanganso, ndiye n'kuyamba kulimbana ndi chitunda. Pamwamba paphiri ntchito inali yomweyo. Gudumulo linkakhala ndi magiya uku ndi uku: lamano ambiri lokwerera, lamano ochepa lothamangira pachidikha. Amene wachedwa ndi manati ankangoona misana ya anzake.

Sikuti nzeru yosinthira magiya uli pachishalo kunalibe. Anthu oyenda maulendo ataliatali ku France, monga Paul de Vivie wa ku Saint-Étienne, anali atayamba kale kukwera mapiri panjinga za magiya angapo. Chinkatsekereza ndi lamulo la munthu mmodzi, Henri Desgrange, mkonzi wa nyuzipepala ya L'Auto yemwe anayambitsa mpikisanowu mu 1903.

Nkhani ya magiya inayambira pa njinga zija za gudumu lalikulu kutsogolo, za m'ma 1870. Mapedulo ankamangidwa pagudumu penipenipo, moti mwendo ukazungulira kamodzi, gudumu nalo kamodzi. Wofuna liwiro ankangokulitsa gudumu mpaka pamene miyendo yake yalekezera, ena kufika mita imodzi ndi theka. Likagunda mwala, mwini wake ankatsogoza mutu pansi. Mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya Rover, ya tcheni chokokera gudumu lakumbuyo, ndipo liwiro linachoka pa kutalika kwa miyendo n'kupita pa mano. Giya lakumapedulo likakhala ndi mano 48, lakumbuyo 16, kupalasa kamodzi gudumu limazungulira katatu. Mpaka lero okonda njinga ku Britain amayeza giya m'mainchesi, kutanthauza kukula kwa gudumu lakale lija limene lingafanane nalo.

Desgrange sanali mbuli pa za njinga. Iye mwini mu 1893 anapalasa makilomita 35.325 pa ola limodzi. Chimene ankaopa n'chakuti makina angaphimbe munthu. Ankafuna kuti wopambana apambane ndi miyendo ndi mtima wake, njinga ikathyoka aikonze yekha. Mu 1913 Eugène Christophe anathyola foloko akutsika phiri la Tourmalet. Anasenza njinga paphewa, kuyenda wapansi makilomita angapo mpaka kumudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, n'kukalowa m'chipala cha wosula zitsulo. Anasula yekha folokoyo oyang'anira mpikisano atamuimirira, ndipo anamulipiritsabe mphindi chifukwa kamnyamata kena kanamupopera mvukuto. Apa ndiye nkhanza zinaposa chilungamo. Komabe mantha a Desgrange sanali opanda pake: makampani a njinga ankalowerera kwambiri pa zotsatira, mpaka mu 1930 iye analamula kuti akatswiri onse akwere njinga zofanana, zachikasu, zoperekedwa ndi mpikisano.

Amene anaona wakabaza akukankha njinga ya giya limodzi pachitunda, katundu ali pakaliyala, akudziwa zimene zinkachitika pa Pyrenees mu 1910, chaka choyamba mpikisanowu kukwera mapiri ataliatali a kumeneko. Octave Lapize, amene anapambana chaka chimenecho, malo ena anachita kukankha.

Ku Italy amakamba za Tullio Campagnolo, mnyamata wa ku Vicenza, kuti tsiku lina m'ma 1920 zala zinamuuma ndi chisanu pa phiri la Croce d'Aune, n'kulephera kumasula manati anzake akumupitirira. Kampani yake, imene inayamba mu 1933, inatchuka ndi kachitsulo kopinda komasulira gudumu popanda sipanala, kamene kali panjinga zambiri mpaka lero. Pa kachitsulo komweko anamangirapo chosinthira magiya chotchedwa Cambio Corsa, ndipo kagwiritsidwe kake n'kodabwitsa. Timitengo tiwiri tachitsulo tinkatsika m'mbali mwa felemu, kuseri kwa ntchafu yakumanja. Wopalasa ankapinda msana, dzanja kumbuyo, n'kutsegula koyamba: gudumu lamasuka njinga ili paliwiro. Kenako ankapalasa chobwerera m'mbuyo uku akukankha tcheni ndi kachiwiri kuti chidumphire pa giya lina. Gudumu linkasuntha lokha m'timano ta pafelemu mpaka tcheni chitakungika, iye n'kutseka. Zonsezi pamsewu wamiyala, anzake atamupanikiza mbali zonse.

Lamulo la Desgrange lija linagwa mu 1937, ndipo Roger Lapébie anapambana ndi chosinthira cha Super Champion. Gino Bartali anatenga Tour de France ya 1948 ndi Cambio Corsa. Pofika 1951 Campagnolo anali atatulutsa Gran Sport, yoyendera waya, imene maonekedwe ake sasiyana kwenikweni ndi zosinthira zamakono.

Njinga zakalezi sizinathere m'nyumba zosungira zinthu zakale zokha. Kuyambira mu 1997, ku Gaiole in Chianti m'chigawo cha Tuscany kumachitika L'Eroica, kumene anthu zikwizikwi amadzaza misewu yoyera yafumbi atavala majuzi aubweya. Njinga ya giya losinthira pa handulo monga zamakono siloledwa. Yololedwa ndi ya kapangidwe kakale, ka 1987 kubwerera m'mbuyo.