Kusunga Masamba Okongoletsera M'nyumba ndi Glycerin

Pa phiri la Wynberg ku Cape Town pamamera mtengo wosowa wa masamba onyezimira ngati siliva, wotchedwa Leucadendron argenteum. Lamulo limauteteza, kotero wothyola nthambi zake kuthengo popanda chilolezo amapalamula mlandu. Alimi akwathu kuno ofuna kugulitsa masamba okongoletsera asavutike ndi mitengo yotere: bulugamu wodzala okha akwanira.

Mlimi adule nthambi yokhwima, aiphwanye kutsinde, aiviike m'madzi ofunda magawo 2 osakaniza ndi gawo limodzi la glycerin. Pakapita masabata 2 kapena 3, glycerin amalowa m'malo mwa madzi a m'masamba, ndipo masambawo amakhala ofewa, osathothoka, ngakhale amasanduka ofiirira. Maluwa enieni sachita bwino motere. Alangizi achenjeze alimi kuti masambawa amachita chuku m'dzinja akasungidwa pachinyezi.