Momwe Mbatata ya Kachewere Imadzitetezera ku Chiwawu

Chiwawu ndi matenda amene amawononga kachewere kwambiri m'madera okwera ndi ozizira monga Dedza, Ntcheu ndi Angonia. Chimayamba ndi kachirombo kofanana ndi chuku kotchedwa Phytophthora infestans, komwe kanadzetsanso njala ku Ireland kuyambira mu 1845. Njere zake zimauluka ndi mphepo nkumera pa tsamba lonyowa. Mvula ikamagwa mowirikiza, munda wosapopera utha kupserera m'masabata awiri. Komabe mbewuyi ili ndi njira zake zodzitetezera.

Njira Zodzitetezera

Poyamba, tsamba lili ndi khungu laphula limene kachiromboka kayenera kuboola. Kakayamba kuboola, timagawo ta tsamba totchedwa maselo timakhuthalitsa makoma ake pamalopo.

Kachiwiri, mbewu yopirira imazindikira mdani msanga ndipo imapha dala maselo ochepa amene walowamo. Popeza pa masiku oyamba kachiromboka kamadya m'maselo amoyo okha, kamasowa chakudya nkufa. Pa tsamba pamangotsala kadontho kakuda kouma kosakula.

Kachitatu, maselo ozungulira bala amapanga mankhwala olepheretsa kachiromboka kukula. Müller ndi Börger a ku Germany anasonyeza zimenezi pa mbatata mu 1940. Ena mwa mankhwalawa ndi rishitin ndi lubimin.

Kachinayi, tsamba logwidwa limatumiza uthenga ku masamba ena kuti akonzeretu chitetezo chawo.

Kupirira kwa Mitundu Iwiri

Akatswiri anatenga kupirira kwamphamvu ku mbatata yakutchire ya ku Mexico, Solanum demissum. Kupiriraku kumaletseratu matenda, koma kumadalira chibadwa chimodzi, ndipo kachirombo kakasintha mtundu kumatha mwadzidzidzi. Kupirira kwina kumadalira zibadwa zambiri: mbewu imadwala ndithu, koma mabala amakula pang'onopang'ono ndipo amabala njere zochepa. Kumeneku ndiko kumakhalitsa, ndipo bungwe la International Potato Center la ku Lima, Peru, lagwiritsa ntchito kupirira kotere popanga mitundu yatsopano.

Zoyenera Alangizi Kuphunzitsa

1. Timadontho touma tosakula si chiwawu chofalikira. Chiwawu chenicheni ndi mabala onyowa amene amakula, okhala ndi chuku choyera kunsi kwa tsamba m'mamawa.
2. Mbewu yopirira iyeneranso kupoperedwa, koma kocheperako. Dithane M45 amateteza kunja kwa tsamba kokha, choncho apoperedwe matenda asanalowe.
3. Feteleza wa nayitirojeni akachuluka masamba amathithikana nkuchedwa kuuma, ndipo kachirombo kamapeza mpata.
4. Alimi akwezere mizere bwino kuti njere zotsukidwa ndi mvula zisafike pa mbatata.
5. Adule mitengo ya mbatata kutatsala masabata awiri kuti akumbe, khungu la mbatata likhwime.

Mlangizi akaona mtundu umene unkapirira wayamba kupserera, adziwitse malo a kafukufuku apafupi, monga Bembeke ku Dedza, popeza mwina kachirombo kasintha mtundu.