Mutu 6: Kukonza Tsiku Lodziwitsa Ophunzira za Mapulogalamu Aufulu

Anthu ambiri okonza tsiku lotere amayamba ndi nkhani ya mtengo, kulengeza kuti mapulogalamu a pakompyutawa salipiritsa, ndipo pamenepa ndi pomwe ntchito yonse imayambira kupotoka. Wophunzira wa ku Zomba kapena ku Mzuzu amene ali ndi laputopu nthawi zambiri anaigula ili kale ndi Windows, kapena mnzake anamuikira kope lopanda chilolezo, choncho kumuuza kuti Linux ndi yosalipira n'kumulonjeza chinthu chimene iye akuona ngati ali nacho kale. Chimene alibe ndi ufulu, ndipo tsikulo liyenera kumangidwa pa mfundo imeneyi.

Ufuluwu uli panayi, monga momwe bungwe la Free Software Foundation, limene Richard Stallman analikhazikitsa mu 1985, limafotokozera: kugwiritsa ntchito pulogalamu pa cholinga chilichonse, kuphunzira mmene imagwirira ntchito n'kuisintha, kugawira ena makope ake, ndiponso kugawa makope amene munthu wawasintha. Ufulu wachiwiri ndi wachinayi sungatheke popanda source code, amene ndi malangizo olembedwa ndi anthu m'chinenero cha kompyuta asanasandutsidwe pulogalamu yoyenda. Kope lakuba silipereka malangizo amenewa ngakhale mzere umodzi. Lili ngati chimanga cha haibulidi chopatsidwa ndi mnansi, chimene munthu amadya n'kukhuta koma sangadalire mbewu yake chaka chamawa, pamene pulogalamu yaufulu ili ngati chimanga cha makolo, chimene mlimi amasankha yekha, kusunga ndi kugawira abale. Ophunzira ayeneranso kumva kuti Linus Torvalds anali wophunzira ngati iwo omwe, pa yunivesite ya Helsinki, pamene anayamba kulemba Linux mu 1991, ndipo ntchitoyo inakula chifukwa chilolezo cha GPL chinalola aliyense kuikonza, bola ngati wogawa zimene wasintha apereka ufulu womwewo kwa olandira.

Kukonzekera kuli ndi magawo atatu: tsiku ndi malo, zipangizo, ndi othandiza. Tsiku lodziwika padziko lonse ndi Software Freedom Day, limene linayamba mu 2004 ndipo limachitika Loweruka lachitatu la Seputembala, ngakhale kuti Loweruka lililonse lotalikirana ndi mayeso lingachite. Chilolezo cha akuluakulu a sukulu, chipinda chokhala ndi masoketi okwanira ndi jenereta ya padera ndi zinthu zosafuna kufotokoza.

Pa zipangizo ndi pomwe pamagwa ngozi. Fayilo yoikira Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ndi ya ma GB angapo, kotero wokonza amene akuyembekeza kuti chipinda chonse chiikopere pa intaneti tsiku lomwelo adzathetsa bandulo dzuwa lisanafike pamutu, anthu atangokhala manja lende. Mafayilowa amakopedwa kukadali sabata, n'kuikidwa pa mafulashi, ndipo fulashi iliyonse imayesedwa. Pakhalenso mtundu wopepuka monga Lubuntu, poti malaputopu akale sangathe kunyamula wolemera. Koma cholakwa chachikulu, chimene chimaononga mbiri ya tsikulo kwa zaka, ndi cha wothandiza wa phuma amene amasankha kufufuta hard disk yonse, ndipo wophunzira amazindikira madzulo kuti pulojekiti yake ya chaka chomaliza yapita pamodzi ndi zithunzi za kwawo. Lamulo likhale lakuti kompyuta ya munthu siikhudzidwa mpaka mafayilo ake atakopedwa kwina, mwiniwake akuona ndi maso. Ndipotu ambiri safunika kuikiridwa kanthu tsiku loyamba, chifukwa Linux imatha kuyenda kuchokera pa fulashi osasintha zimene zili m'kompyutamo, ndipo wamantha angayambe ndi mapulogalamu aufulu monga LibreOffice, GIMP kapena VLC pa Windows yake yomweyo.

Zokamba zikhale zochepa, ndipo mlendo wolemekezeka asadye m'mawa wonse. Ngati pali wolankhula mmodzi woyenera nthawi yake, ndi munthu wogwira ntchito ndi DHIS2, pulogalamu yaufulu yochokera ku yunivesite ya Oslo imene Unduna wa Zaumoyo ku Malawi umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, pakuti iye amayankha funso limene ophunzira amafunsa chamumtima, loti kodi zimenezi zingampezetse munthu ntchito. Nthawi yotsala ipite ku manja: ophunzira awiriawiri atsegule pulogalamu yaing'ono ya Python, apeze mzere umene umalemba moni pa sikirini, ausinthe kukhala wa Chichewa, kenako aiyendetse. Ndi kusintha kochepa, komabe wophunzirayo wagwiritsa ntchito ufulu wachiwiri uja ndi zala zake, ndipo akapatsa mnzake fayiloyo pa fulashi wafika pa wachinayi.

Othandiza asabalalike tsikulo likatha, chifukwa mavuto enieni amabwera sabata yotsatira, pamene Wi-Fi yakana kulumikizika kapena chikalata cholembedwa mu LibreOffice chasokonekera pa kompyuta ya aphunzitsi, vuto limene limathetsedwa mosavuta potumiza chikalatacho ngati PDF. Gulu la pa WhatsApp ndi tsiku lokumananso zilengezedwe anthu asanatuluke m'chipindamo.